Sanitaiza pa Diso la Kamera

Filimu ija a Chirwa amaonetsa mlendo aliyense wofika kwawo ku Rockingham, ndiulule lero, si luso ayi. Ndi sanitaiza.

Inali nthawi ya Covid, malire atatsekedwa. Posowa chochita ndinagula kamera, n'kuyamba kudzitcha wojambula mafilimu. A Chirwa, injiniya wa kumigodi amene Loweruka amathamangitsa chigalimoto chawo chakale pa mpikisano wa m'bwalo la dothi, anandipempha kuti ndikawajambule. Magalimoto atangozungulira kawiri, diso la kamera linadzaza fumbi. Ine, katswiri uja, ndinatulutsa kabotolo ka sanitaiza m'thumba, n'kuthira, n'kupukuta ndi masiki yanga.

Zomwe zinatuluka! Chifunga chokhachokha, dzuwa litamwazika ngati dzira losweka, galimoto ya a Chirwa yosasiyana n'komwe ndi ya mzungu amene anapambana. Chonsecho iwo anamaliza kumbuyo kwenikweni.

Ndinapita nayo filimuyo kwawo mawu opepesa ali kale kukamwa. A Chirwa anaonera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achimwene, mwaipanga bwanji kuti ioneke ngati kanema wamakedzana chonchi?"

"Ndi sitayelo imeneyo, akulu," ndinatero osaphethira. "Ambiri saidziwa."

Munthu wophunzira, ndi madigiri ake onse, anagwedezera mutu ngati akumva ulaliki. Akazi awo mpaka anaomba m'manja. Ndimawaseka chamumtima, koma chitsiru chenicheni ndikuchidziwa. Mwana wawo akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo andiuza kuti ukwatiwo ndiujambule "ngati muja."

Kabotolo ndagula kale.