Kapitawo Wakana Kudya

Pa Nsanama mukafunsa kumene kuli bakayawo wabwino, aliyense akulozerani kwa Che Swaibu, okala yachitatu kuchokera pamene pamaima maminibasi a ku Liwonde. Bakayawo ndi nsomba youma ija ya mchere wokhawokha, yobwera m'matumba kuchokera ku Mozambiki kudzera ku Nayuchi. Che Swaibu agulitsa nsombayi zaka makumi awiri ndi zisanu. Ana awo anayi anaphunzira ndi bakayawo, malata a nyumba yawo ndi bakayawo, ndipo mkanjo wawo wa Lachisanu, ngakhale muuchape ndi sopo wamtundu wanji, umamvekabe bakayawo. Ndi bambo wamfupi, wa ndevu za imvi, wosakonda nkhani zambiri. Mukawanenerera mtengo amangokuyang'anani mpaka inu nomwe muchite manyazi.

Malondawa anawaphunzira kwa amalume awo, ndipo lamulo loyamba limene anawapatsa linali lakuti madzi ndi bakayawo sagona chipinda chimodzi. Chinyontho chikangolowa, mchere umasungunuka, nsomba n'kuyamba kunanda, thumba lonse n'kukhala lotaya. Ndiye m'kachipinda kawo kosungiramo nsomba, kuseri kwa okala, simunkalowa ndowa, kapu, kapena nsapato yonyowa. Lamulolo analisunga ngati swala, mapemphero awo a Chisilamu.

Mdani wina wa bakayawo ndi khoswe. Chaka china makoswe anawathera theka la thumba, Che Swaibu n'kukatenga kamwana ka mphaka kwa mnzawo wa ku Nselema. Musaganize kuti anakatengera kuti azikasisita, iyayi. Kwa iwo mphaka anali wantchito. Atakula, ankakonda kukhala pamwamba pa matumba n'kumayang'ana ogula ndi diso la munthu woyang'anira anzake, moti amayi ogulitsa tomato anamutcha Kapitawo, dzinalo n'kukanirira. Malipiro ake anali michira ndi mitu ya bakayawo. Madzulo aliwonse Che Swaibu ankamuponyera mchira umodzi, n'kumutsekera m'kachipinda kaja, loko kwe! mpaka m'mawa. Madzi? Ha, madzi m'chipinda cha bakayawo?

M'mawa akangotsegula chitseko, Kapitawo ankatuluka ngati mwala wa legeni, molunjika ku mjigo, n'kukamwa madzi a pachithaphwi osapumira. Msika wonse unkaseka. "Taonani, a Kapitawo ali ndi matsire! Anakamwera kuti dzulo?" Che Swaibu, munthu wosaseka wamba, apa pokha ankaseka nawo. Anaseka choncho zaka khumi ndi zinayi.

Chaka chino zinthu zinayamba kusintha. Mphaka uja anaonda, nthiti kuwerengeka, ubweya kuima ngati udzu wopsa. Ankamwa madzi kuposa kale, koma osanenepa. M'kamwa mwake munkatuluka fungo lachilendo. Tsiku lina anakodzera thumba latsopano, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, ndipo Che Swaibu anamukwapula ndi tsache kawiri. Mphakayo sanathawe n'komwe. Anangofwafwata pansi n'kutsinzina.

Amene anaona kuti si ukalamba wokha anali mwana wawo wamkazi Shamim, mphunzitsi wa ku Balaka, atabwera kudzazonda makolo. Anati nyumba yoyandikana ndi yake mumakhala dokotala wa ziweto, ndiye abambo abwere naye mphakayo.

"Ine? Kukwera minibasi ndi mphaka? Anthu adzati chiyani?" anakana Che Swaibu.

Koma Lolemba lotsatira, si uyo m'minibasi, dengu pamiyendo, chitenje cha akazi awo pamwamba. Asanafike n'komwe pa Liwonde dengulo linalira. Mayi wina anasuntha n'kukumbatira mwana wake. Kondakitala anati, "Ankolo, ngati ndi za malonda izi, mutigawireko nafenso tilemere." Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Che Swaibu anangoyang'ana pawindo, makutu akutentha.

Dokotalayo anali mnyamata woti n'kukhala mwana wawo, dzina lake a Hilary. Anamuika Kapitawo patebulo, n'kumutsina chikopa cha pakhosi, chikopacho n'kutsala chili chiimire. Anamuyang'ana m'kamwa, kenako anamupapasa m'mimba nthawi yaitali.

"Bambo, ndikuona ngati ndi impso," anatero a Hilary. "Kuti titsimikize pangafunike kuyeza magazi m'tauni, koma zizindikiro zonse zikuloza kumeneko. Impso zafota. Kuchira sangachire, koma tikhoza kumuwonjezera masiku. Amadya chiyani?"

"Bakayawo."

"Ndi chiyaninso?"

"Ndi makoswe."

"Chabwino. Nanga madzi amakhala nawo pafupi nthawi zonse?"

Apa Che Swaibu anafotokoza, pang'onopang'ono, za kachipinda kaja, za loko, za mjigo. Akufotokoza choncho anadzimva okha zimene akunena, ndipo mawu anayamba kuwathera. Abale inu, munthu ukhoza kuchita chinthu tsiku ndi tsiku osachiona, n'kudzachiona tsiku limene wachitchula pakamwa pamaso pa mlendo. Si matsire amene aja. Linali ludzu la usiku wonse, la chinyama chodya mchere n'kutsekeredwa. Ndipo iwo ankaseka.

"Ndiye kuti ndamupha ndine?" anafunsa.

"Iyayi bambo, sindinatero. Amphaka ambiri akakalamba impso zimatopa, ngakhale osamalidwa bwino. Sindinganene kuti chayambitsa n'chiyani. Koma kuyambira lero mchere ayi. Madzi oyera azikhala paliponse. Chakudya chizikhala chofewa, chamadzimadzi: kanyama ka nkhuku pang'ono, phala la mpunga, dzungu. Ndipo chachikulu pa zonse, adye. Mphaka akakhala masiku osadya amapita msanga kuposa wodya zolakwika."

Mawu omalizawo Che Swaibu sanawamve. Makutu awo anatsekera pa mawu akuti mchere. Ulendo wonse wobwerera anali kuwerenga usiku umene mphakayo anagona ndi ludzu, n'kumakumbuka zimene anaphunzira ku madrasa ali mwana, zoti kutsekera chiweto popanda madzi ndi tchimo limene munthu adzayankhe. Ankazidziwa bwinobwino. Kungoti sanaganizepo kuti zikunena iwo. Manyazi anawagwira, chisoni chinawagwira, ndipo anadzida.

Atafika kunyumba analengeza kwa akazi awo, Abiti Jamali, kuti Kapitawo wapuma pantchito, azikhala pakhonde, ndipo bakayawo sadzamulawanso mpaka kufa. Anaika mbale za madzi zinayi: pakhonde, pakhomo la khitchini, pansi pa mtengo wa mango, ina pafupi ndi mpando wawo. Abiti Jamali anapunthwa pa imodzi n'kufunsa ngati tsopano pakhomopo atsegula mjigo.

Tsiku loyamba anapha nkhuku. Nkhuku yathunthu, chifukwa cha mphaka! Anaphika chidale popanda mchere, n'kuchinyenyanyenya m'phala la mpunga, n'kupepesera ndi chivundikiro kuti lizizire. Kapitawo anabwera mwaulemu, ananunkhiza, anawayang'ana Che Swaibu kumaso, kenako anayamba kupalasa pansi pambali pa mbaleyo monga amachitira akamakwirira chimbudzi chake. Abiti Jamali anathawira kukhitchini kuti akaseke bwino.

Tsiku lachiwiri anayesa dzira lowiritsa, anayesa dzungu, anayesa chambo chachiwisi chimene anaitanitsa ku Liwonde. Anatenthetsa, anaziziritsa, anasintha mbale, anaika pachikhatho. Kapitawo ankangotembenuza mutu. Madzi okha ndiye ankamwa, n'kukagona pambali pa mtondo. Che Swaibu akabwera kuchokera ku okala, manja akununkha nsomba, mphakayo ankadzikoka n'kudzawanunkhiza zala, n'kulira kamawu kosasa. Iwo ankathamangira kukasamba m'manja ndi sopo kuti asamuzunze ndi fungolo.

Tsiku lachitatu anaganiza nzeru. Mayi aliyense amadziwa kuti bakayawo asanamuphike amayamba wamuviika kuti mchere uchoke. Ndiye anadula kachidutswa, anakaviika, anataya madzi, anakawiritsa, anataya, anakawiritsanso, mpaka atalawa anamva ngati akutafuna thonje. Anakapereka ndi manja awiri. Kapitawo ananyambita kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. Zaka khumi ndi zinayi akudya bakayawo weniweni, mumupusitse lero ndi chisanza?

Okala inayamba kutsegulidwa mochedwa n'kutsekedwa dzuwa lili pamutu. Ogula ankafunsa ngati kunyumba kuli matenda, Che Swaibu n'kuyankha kuti inde, osanena kuti a ndani. Nawonso chakudya chinasiya kulowa. Akakhala pamkeka n'kuona mphakayo akuwayang'ana chapatali, ankakankha mbale.

Pofika m'mawa wa tsiku lachinayi Kapitawo sanathenso kukwera pakhonde. Anayesa, miyendo yakumbuyo n'kugwa. Che Swaibu anamunyamula, ndipo anapepuka ngati dengu lopanda kanthu. Anamugoneka pathumba n'kuyambanso kukonza phala. Abiti Jamali anali kupeta mpunga chapomwepo. Mayiyu sakonda kulowerera za amuna ake, koma tsikuli anaika lichero pansi.

"Bambo a Shamim, phala limenelo mukuphikira ndani?"

"Funso lanji limenelo? Simukuona?"

"Ndikuona. Ndikuona kuti mukuphikira mtima wanu, osati mphaka. Iyeyu wakuuzani masiku anayi chimene akufuna."

"Dokotala anati mchere ayi."

"Shamim anandiimbira dzulo. Akuti dokotalayo ananenanso kuti chachikulu adye. Zimenezo munazisiya m'minibasi?" Abiti Jamali anatola kamwala mumpunga n'kukataya. "Zaka zonsezi munamumana madzi kuti nsomba zanu zisaonongeke. Lero mukumumana nsomba kuti inuyo muoneke oyera. Nanga iyeyo adzapeza liti chimene akufuna?"

Mawuwo anawalasa Che Swaibu kuposa a dokotala. Anafuna kukalipa, koma akalipe chiyani pomwe zinali zoona? Anaona kuti mbale zinayi zija, nkhuku ija, chambo chija, zonse zinali zopepesera iwo eni, pamene mwini kudwala akufa ndi njala pamaso pawo. Madzi akatayika saoleka. Ludzu la zaka khumi ndi zinayi sakanalibweza ndi phala.

Anaimbira a Hilary. Dokotalayo anafunsa masiku amene mphakayo wakhala osadya, ndipo atamva kuti anayi anapuma mozama.

"Mupatseni chimene angadye, bambo. Kachidutswa kakang'ono, mukatsukuluze pang'ono ngati angalole, madzi akhale pambali. Si chabwino kwa impso zakezo, sindikunamizani. Koma njala imutenga sabata ino."

Che Swaibu anapita ku okala osayankha moni wa munthu panjira. Anatsegula thumba, n'kusankha nsomba yonenepa, imene akanaikira kasitomala wa ulemu, osati mchira kapena mutu. Atabwerera anakhala pansi, pa dothi penipeni, pafupi ndi thumba limene anagonapo mphakayo. Anang'amba kamnofu ka pamsana. Kung'ambika kokhako, khutu la Kapitawo linagwedezeka, maso n'kutseguka. Anakaviika m'madzi kamodzi kokha, n'kukatambasulira pachikhatho.

Dzanja limene linkakhoma loko lija ndi lomwelo linali kupereka mcherewo tsopano, ndipo Che Swaibu ankadziwa. Misozi inatsikira m'ndevu, bambo wamkulu, masanasana, akazi awo akuona.

"Idyani, a Kapitawo," anatero. "Ndinakulakwirani. Idyani."

Mphakayo sanawayang'ane. Anatenga kamnofuko, anakatafuna ndi mbali imodzi ya kamwa, anameza, n'kunyambita chikhatho mpaka m'mipata ya zala. Anadya tizidutswa titatu, anamwa madzi, kenako anayamba kulira kwa m'khosi kuja kwa mphaka wokhuta. Abiti Jamali anatola lichero lawo n'kulowa m'nyumba, ndipo ulendo uno sanaseke.

Kapitawo anakhala masabata ena asanu. M'mawa uliwonse Che Swaibu ankang'amba kamnofu, n'kubisamo phala pang'ono pansi pake, tsiku lina mphakayo n'kudya zonse, tsiku lina n'kusankha nsomba yokha. Ndipo m'mawa uliwonse, akamatambasula dzanja, sankadziwa ngati akumudyetsa kapena akumumaliza. Anafa Lachitatu lina chakumasana, mutu uli pa phazi lawo.

Mpaka lero sakudziwa. Anafunsanso a Hilary kawiri, ndipo kawiri konse anawayankha kuti palibe angadziwe. Inu mukapita pa Nsanama, gulani bakayawo wanu mwaulemu, nenererani ngati muli ndi mtima wolimba. Koma mukafunsa kuti mphaka uja anapita kuti, mudzaona bamboyo akuweramira m'thumba, n'kumafunafuna nsomba imene ili kale m'manja mwawo.