Khoma Lomwe Linagwera Benadi

Ninauka tambala asanalire, msana uli gwa chifukwa chogona pansi. Azimai a kwaya anali atasasa mawu, ena akusinza chokhala. Panja azibambo anaunjikana pa chitsa cha moto. Mlongo wanga Benadi anali m'bokosi kuchipinda, ndipo amai anali asanagwetse msozi chifikire thupi.

Benadi anali Fomu Fili pomwe ba cheyamani a chipani, amene analinso na kampani yomanga nyumba, anabwera kudzamupempha. Ati sukulu sidyetsa, mwana aphunzire ntchito ya manja, tizamupezera pepala la umisiri. Ba malume anavomera m'malo mwa malemu atate. Pepala lake liti? Zaka zonsezo mwana anali dakaboyi, kusakaniza simenti na kusenza mabuloko basi. Khoma lomwe linamugwera analimanga mvula ikugwa, simenti yongonunkhiza. Anzake anatiuza monong'ona.

Ine ninali kufuna chinthu chimodzi, kuti kumanda kukamveke chomwe chinapha Benadi.

Kutacha, lole ya ba cheyamani inatsitsa nkhuni na matumba a ufa, ufa womwe masiku amenewo tinali kuupsera na dzuwa pamzere. Moto unayaka m'mafuwa. Anthu a ku Palabana na ku Kasisi anafika panjinga, ndipo ataona matumbawo anayamba kutamanda bwana wachifundo. Mtima wanga unawira. Ninakokera ba malume kuseri kwa nkhokwe.

"Ba malume, mukanene za khoma."

"Iwe mwana, bokosi wagula ni iwe? Si ba cheyamani? Khala chete, ungatiputire mavuto."

Tinanyamuka masana, kumwamba kutada bii. Bokosi linali pa lole, ba cheyamani kutsogolo na suti yao ya safari, akupukuta maso ouma. Ise tinatsatira m'matope.

Kumanda ba malume anaimirira kunena mbiri ya malemu. Anati Benadi anali bilikileya, mmisiri womanga nyumba wodziwa ntchito, ndipo anatisiya atadwala kanthawi kochepa. Kudwala! Munthu amene tinachita kumumanga mutu na nsalu kuti aoneke! Ninafuna kuimirira koma azakhali ananitsina pantchafu. Mkazi salankhula kumanda.

Koma kulira saletsa. Kwathu wolira amatchula zonse zili kumtima, ndipo palibe angamugwire pakamwa. Ataitana akuntchito kuti aponye dothi, ba cheyamani anatapa lodzaza dzanja. Pomwepo amai anang'amba mawu.

"Benadi mwana wanga ee! Unali na mabuku, anakupatsa fosholo! Khoma la mchenga lakuphwanya, mayo ine! Ukawauze atate ako kuti sunadwale ee!"

Katekisiti anayambitsa nyimbo kuti aphimbe mawuwo, koma kwaya sinalandire. Nane ninagwa pansi n'kulira motchula, za Fomu Fili, za pepala labodza, za simenti. Ba cheyamani anaima tsonga, dothi lili m'manja. Kenako analitaya pambali, napukuta dzanja kuthalauzi. Sininawamvere chisoni ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero nikawakumbuka malovu amawawa.

Lole inachoka yopanda munthu kumbuyo. Tinabwerera wapansi mvula ikutikwapula, ndipo tinapeza lole itatenga kale matumba a ufa otsala. Anthu anasamba m'manja pachipata n'kumwazikana msanga, poti aliyense anali na malo pamsika kapena mwana wofuna ntchito, ndipo zonsezo zinali m'manja mwa ba cheyamani. Ba malume anapita osatsazika.

Madzulo m'nyumba munatsala ine na amai, na mphasa zopinda pakona. Kunali zii, madzi okha akudontha kudenga. Amai anakhala atatsamira chitseko cha chipinda cha Benadi, mawu atatheratu.

"Kodi anamva onse?" anafunsa monong'ona.

"Anamva, amai."

"Basi. Nipase madzi nimwe."