Dzanja la Amayi mu Kanema wa Chandevu

Chotenthetsera nyumba cha m'chipinda changa kuno ku North York, kutsidya kwa nyanja, chikayamba ntchito m'miyezi yozizira, chimalira tetetete ngati makina oonetsera kanema. Ndikangomva kulira kumeneko, mkamwa mwanga mumabwera kukoma kwa madzi a shuga, ndipo mtima umandiwira ngakhale mutu wonse uli mbuu ndi imvi. Zaka zambiri nkhaniyi ndinkaisunga ndekha. Chaka chino mdzukulu wanga Tiyamike ndiye anatokosa chilondacho, mosadziwa.

Tiyamike amaphunzira za mafilimu pa yunivesite ili pafupi ndi kwathu kuno. Loweruka lina masana anabwera ndi laputopu yake, nsapato zili chipale chokhachokha. Aphunzitsi anawauza kuti aliyense asankhe kanema wakale, afotokoze mmene wotsogolera anagwiritsira ntchito kamera. Iye anapeza pa intaneti kanema wophunzitsa ukhondo amene anajambulidwa ku Malawi, ndipo anali atalemba kale masamba atatu. Anandiwerengera monyadira kuti wotsogolerayo anayandikiza kamera pankhope ya mwana pofuna kuonetsa umphawi mmene ulili, osabisa kanthu. Kenako ananditembenuzira laputopuyo. Nkhope yodzaza ntchentche imene inali pamenepo inali yanga.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tinkakhala pafupi ndi sukulu ya mishoni ina ku Ntcheu, Bambo ali kumigodi ku Joni. Amayi ankasesa bwalo kawiri patsiku, ndipo tsache lawo linkasiya mizere yokhota ngati mamba a nsomba, moti tinkaopa kupondapo. Loweruka lililonse ankazira pakhonde ndi dothi lakuda, nyumba yonse n'kumanunkhira ngati mvula yoyamba. Tinali ndi thandala la mbale, dzenje la zinyalala, ndi chimbudzi chokhala ndi chovundikira chake. M'mawa ankakazinga zitumbuwa n'kukagulitsa pachipata cha sukulu, zitafundidwa ndi kansalu koyera kamene ankakawiritsa madzulo aliwonse. Chaka chimenecho woyendera zaukhondo anawapatsa satifiketi yoti nyumba yathu yaposa zonse m'deralo. Pepala limenelo ndi limene linatiitanira tsoka.

Ojambula kanema anabwera m'nyengo ya mango, dzuwa likuswa mtengo, galimoto yawo itayera ndi fumbi. Munali mzungu wa ndevu zofiirira amene ife ana tinamutcha Chandevu, mnzake wonyamula kamera, ndi wotanthauzira wa kwathu konkuno wovala tayi. Nkhani ya kanemayo inali ya amayi awiri, wina waukhondo, wina wauve. Chandevu anazungulira nyumba yathu, anasuzumira m'chimbudzi, anagwedeza mutu mokondwa. Atatha anawayang'ana Amayi nthawi yaitali. Amayi anali owonda, akuda bii, ndi chipsera pachipumi. Pafupi panaima Mai Phiri, akazi a aphunzitsi, onenepa bwino ndi omwetulira msanga. Chandevu analoza Mai Phiri, n'kuloza khonde lathu. Ife anatilozera kanyumba kena kakugwa mbali imodzi, kamene mwini wake anamwalira ndipo munkagona mbuzi.

"Ndi sewero chabe, mayi, musadandaule," anatero wotanthauzira uja. Amayi anayang'ana woyendera zaukhondo, amene anali pomwepo atagwira chipewa m'manja, ndipo anavomera chifukwa cha ulemu.

Zonse ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndikuzikumbukira mwa dongosolo lake. Mai Phiri anawajambula m'mawa, dzuwa likuwaomba bwino kumaso. Wa kamera anagwada pansi n'kuwayang'anitsa chokweza, kumbuyo kwawo kuli thambo lokhalokha, ndipo anaoneka aatali ngati mtengo wa bulugamu. Anagwira tsache la Amayi, anayanika mbale za Amayi pa thandala la Amayi. Ife anatijambula dzuwa lili pamutu, nthawi imene maso a munthu amalowa mumthunzi. Wa kamera anakwera padenga la galimoto n'kutiyang'ana chotsitsa, ngati mmene munthu amaonera nkhuku. Zinyalala anachita kukatenga kumsika pa wilibala, makoko a mango ndi misinde, n'kutikhuthulira pamapazi. Amayi anawavula duku, nawapatsa nsalu imene dalaivala ankapukutira injini.

Ntchentche zinakana kubwera pa ine, chifukwa ndinali nditasamba. Chandevu anaitanitsa kapu ya madzi, anathiramo shuga masipuni anayi, n'kuvundula ndi cholembera chake. Anandipaka yekha ndi chala, m'mbali mwa maso, pansi pa mphuno, kuzungulira milomo. Kwathu shuga ankaoneka pa Khirisimasi, ndiye ine ndinkangonyambita mobisa, mtima uli mbee. Posakhalitsa zinafika, zobiriwira zikuluzikulu zija za m'mango oola. Ndinkamva timiyendo take tikuyenda pa zikope zanga. Kamera anaibweretsa pafupi kwambiri moti ndinadziona m'galasi lake, ndipo anandiuza kuti ndisaphethire.

Amayi anauzidwa kukhala pambali panga, manja ali pamwendo, akuyang'ana kumbali ngati munthu wosalabadira. Koma makina akangoyamba kulira, dzanja lawo linkanyamuka lokha kudzandipukuta. Chandevu ankakuwa, makina n'kuima, wotanthauzira n'kunena kuti, "Mayi, dzanja pansi!" Zinachitika kasanu, ndinawerenga. Ine ndinawakwiyira Amayi kwambiri tsiku limenelo. Ndinkaona ngati akundiwonongera mwayi wolowa mu kanema, ndipo madzulo ake ndinakana kuwayankhula.

Kanemayo anabwerera titakolola. Anamuonetsa masana m'kalasi yaikulu, mawindo atatsekedwa ndi mabulangete, mkati muli thukuta ndi fungo la petulo wa jenereta. Mawu a mwamuna wosaoneka anayamikira Mai Phiri pakhonde pathu. Kenako tinatulukira ife, ting'onoting'ono pakati pa zinyalala, ndipo mawu aja anati tione mayi waulesi amene akupha mwana wake. Nkhope yanga inadzaza khoma lonse, ntchentche iliyonse kukula ngati njiwa. Anthu anaseka mpaka mabenchi kugwedezeka. Onse ankadziwa mwini thandala lija, koma anasekabe.

Galimoto imene inabweretsa kanemayo inapitirira naye kumidzi ina, kwa anthu osatidziwa. Pasanathe mwezi, kumsika anayamba kuwatchula Amayi kuti Make Ntchentche. Ana omwe anakula ndi zitumbuwa zawo ankadutsa pachipata atatsina mphuno. Beseni linkabwerera kunyumba lodzaza, kansalu koyera kali pamwamba monga linapitira. Tsiku lina Amayi anatsuka chiwaya, anachipachika kudenga, ndipo sanachitsitsenso. Satifiketi ija anaichotsa pakhoma n'kuipinda m'buku la nyimbo. Bwalo ankasesabe kawiri patsiku.

Ine ndinafuna kubwezera. Ndinakathyola chitedze kudambo n'kukachikutumulira pa diresi la Mai Phiri lili pachingwe, lomwe lija anavala mu kanema. Anadzikanda Lamulungu lonse m'tchalitchi, ndipo ndinamva kukoma kuposa shuga uja. Amayi anandigwira chifukwa cha manja anga otupa. Sanandimenye. Anandipaka phulusa lonyowa n'kunena motsitsa kuti, "Mai Phiri anaima pamene anawaimika, ngati ine. Walasa wolakwika."

Nditamaliza kumufotokozera Tiyamike, ndinapita kuchipinda. Ine sinditaya pepala. Za sukulu, za ntchito ya unamwino, makalata onse olowera m'dziko lino, zili m'maenvelopu olembedwa pamwamba. Ndinatulutsa satifiketi ija, yofiirira m'mapindo koma chidindo chikuonekabe, ndipo dzina la Amayi, Esinati Nambewe, lili poyera. Ndinamuuza kuti abwezere kanemayo poyambira. Ndinamuonetsa mwendo wa thandala umene Bambo anaulumikiza ndi waya, ndi chitseko chathu chokhala ndi thabwa limodzi lalifupi. Kenako tinafika pankhope yanga, ndipo ndinamuuza kuti aziyendetsa chithunzi chimodzichimodzi, maso ali m'munsi kumanzere. Panatulukira nsonga za zala zinayi, kenako chithunzi n'kudumpha. Patsogolo pang'ono zinatulukiranso.

"Agogo, oh my God," anatero Tiyamike, atagwira pakamwa. "Akudula every time dzanja likakwera."

"Werenga," ndinatero. Anapeza malo asanu.

Anafuna kung'amba masamba ake atatu aja, koma ndinamulanda n'kuwaika mu envelopu yawoyawo. Ndinamuuza zoti alembe, ndipo sindinapemphe. Alembe za kugwada kwa wa kamera ndi kukwera kwake padenga la galimoto, za dzuwa la m'mawa ndi la masana, za wilibala, za masipuni anayi. Dzina lenileni la Chandevu lili kumapeto kwa kanemayo m'zilembo zazikulu, ndipo ndinati alikopere mosalakwitsa chilembo, likhale patsamba lililonse moyandikana ndi mawu akuti shuga. Tiyamike anati munthuyo ayenera kuti anamwalira kalekale. Ndinati Amayi nawonso anamwalira, koma anawasiya pa intaneti atakhala pa zinyalala za eni. Chandevu sindinamukhululukire, ndipo tsiku limene Tiyamike anakaonetsa ntchito yake m'kalasi ndinavala duku langa labwino, n'kukakhala kutsogolo ndi envelopu pamwendo.

Ndili mwana ndinkati Amayi analephera sewero losavuta, loti munthu angokhala phee. Tsopano ndaonera kanemayo kambirimbiri, ndipo ndaona kuti nyumba ndi yabodza, zinyalala ndi zobwereka, ngakhale ntchentche zinachita kuitanidwa. Chimene sichinamvere Chandevu ndi zala zinayi zija, m'munsi kumanzere, zikubwera kudzandipukuta.