Mbuzi ya Amayi ndi Ngongole ya Kalabu

Amayi atamwalira anandisiyira mbuzi imodzi yaikazi, yakuda, ya banga loyera pamphumi. Ine ndi mbuziyo tinasamukira limodzi kwa agogo, kumudzi wina kuseri kwa phiri ukadutsa Bowe. Agogo sankalankhula zambiri, inenso chimodzimodzi. M'mawa iwo kumunda, ine kusukulu. Masana ndinkakamangirira mbuzi kudambo.

Munda wathu unali pamtsetse, dothi lake lofiira, lotopa. Popanda feteleza chimanga chinkalekera m'chiuno. Fetelezayo tinkamupeza kudzera ku kalabu ya alimi: alangizi ankapereka matumba pa ngongole mvula isanagwe, anthu n'kubweza akakolola. Koma ngongoleyo inali ya gulu lonse. Mmodzi akalephera, chaka chotsatira onse osalandira. N'chifukwa chake kale a kalabu ankapita okha kunyumba ya wolephera kukazula chitseko kapena kugwira nkhuku. Chitseko chathu chinali cha matabwa, anakhoma ndi agogo aamuna asanamwalire, ndipo palibe anachigwirapo. Agogo ankati akamatseka madzulo, amachisisita kaye ndi dzanja.

Chaka cha mavoti a zipani zambiri mvula inadula msanga, tinakolola zochepa. Nthawi yomweyo kunkabwera malole a kampeni. Bambo wina ataima pamwamba pa lole anakuwa kuti ngongole za feteleza zinali goli la boma lakale. Sindikumbuka ngati ananenadi kuti anthu asabweze, koma anthu anamva choncho, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kutsidya.

Atsibweni, mwana wamwamuna wa agogo, anali mu kalabu yomweyo. Atagulitsa fodya wawo anatulukira pakhomo pathu ndi njinga yatsopano, mapepala akadali m'masipoko.

"Nanga za kalabu?" anafunsa agogo.

"Amayi, mukufuna kubwezera ndani? Amene anatikongoza aja achoka. Kapena muwatumizira pa positi?"

"Ndinadinda chala ine."

"Chala chanu si icho muli nacho? Palibe akuduleni." Anaimba belu. "Bwerani ndikukwezeni, mulaweko ufulu."

Agogo sanaseke. Patapita masiku anandipeza ndikumasula mbuzi m'khola.

"Ndi yako imeneyi," anatero. "Koma tikabweza, feteleza abwera. Chimanga chikachita, tidzagula ina."

Mbuziyo inali ndi bere. Ndinkadziwa kuti iwonso akudziwa. Ndinangogwedeza mutu.

Tsiku la msika tinaikoka mpaka pamsewu. Wogula anaipapasa msana, anatchula mtengo wake, agogo osatsutsa. Kenaka anamasula chingwe n'kundipatsa, poti mbuzi sigulitsidwa ndi chingwe chake. Ndalamazo sizinagone m'nyumba. Tinapita nazo kwa alangizi tsiku lomwelo. Iwo anazilandira ndi manja awiri, koma nkhope yawo sinandisangalatse. Anati mu kalabu yonse abweza ndi agogo ndi mayi wina wa kumpingo kwathu basi.

Agogo anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ndinkawatsatira pambuyo. Ena ankatipatsa mpando n'kulonjeza za mawa. Ena akationa patali ankakuwa, "Bisani nkhuku, a msonkho afika!" Wapampando wa kalabu, amene kale ankatsogolera kozula zitseko, anatambasula manja. "Mayi, masiku ano mukagwira chitseko cha munthu mumangidwa ndinu. Ine ndemwe sindinabweze."

Mitambo itayamba kusonkhana, agogo anapinda chitenje chakale kukhala nkhata yosenzera thumba, tinanyamuka kupita kumene ankagawira feteleza. Panalibe mzere. Alangizi anali pakhonde, zitseko za nyumba yosungiramo matumba zili zotseka.

"Kalabu yanu yatsekedwa, agogo. Si yanu yokha."

"Ine ndinabweza."

"Ndikudziwa. Ndinalandira ndine."

"Ndiye ndipatseni langa thumbalo."

"Sitikongoza munthu, agogo. Timakongoza kalabu."

Agogo anandiloza. "Ndiye mubwezereni mwanayu mbuzi yake."

Alangizi anandiyang'ana, n'kugwetsa nkhope pansi. Pobwerera agogo anaiwala nkhata pakhonde paja. Ndinaiona, koma sindinaitole.

Tinadzala choncho. Ndinapala manyowa otsala m'khola la mbuzi ija, anangokwanira mizere ya kumunsi. Chimanga cha pamenepo chinabiriwira, china chonse chinachita chikasu, chinamasula ngayaye chili chofupika. Ndikamapita kusukulu ndinkadutsa njira ina kuti ndisachione.

Njala ya chaka chotsatira inatipeza nkhokwe itauma kale, mulibe kanthu. Njinga ya atsibweni inapita, anasinthitsa ndi chimanga, ndipo sanabwerenso kudzaimba belu. Ife tinalibe njinga. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza agogo atagwada pakhomo ndi mpeni, akumasula misomali ya chitseko. Mphunzitsi wina amene ankamanga nyumba anali atavomera kupereka ndowa ya chimanga.

"Gwira uko, chingandigwere," anatero.

Ndinagwira. Pakhomo tinatchingapo mphasa, n'kuimangirira ndi chingwe cha mbuzi chija.