Zelinda ndi Pensulo Yofiira

Kalata inafika Lachiwiri, ndipo mpaka Lachisanu Zelinda Marcozzi chakudya sichinkamulowa. Inachokera ku Milano, kwa osindikiza mabuku a nyimbo amene anavomera kutulutsa ntchito yake. Mawu anali aulemu, koma nkhani yake inali yoluma. Ankati m'nyimbo zimene anakopera mwapezeka malo olakwika makumi anayi ndi atatu. Mkonzi wawo, Bambo Tancredi Valsecchi, abwera Loweruka kudzayerekeza ndi buku lenileni. Akapanda kukhutira asindikiza monga wakonzera iye, ndipo dzina la Zelinda silikhalapo pachikuto.

Kwathu kuno palibe amene anabatizidwa, kukwatira kapena kuikidwa m'manda popanda Zelinda kumuimbira limba. Analandira mpandowo kwa bambo ake ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo m'chaka ichi cha 1974 anali ataukhalira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Limba lina sanaligwirepo, ngakhale piyano. Pamodzi ndi mpandowo analandiranso buku lachikopa lolembedwa pamanja, lomwe linkakhala m'kabati ya mikanjo ya ansembe. Analilemba woimba wina wa tchalitchi chomwechi cha m'ma 1630, munthu amene sanavutike n'kusiya dzina lake. Kalembedwe kake kanali kakale, mizere isanu ndi umodzi ya dzanja lamanja, isanu ndi itatu ya lamanzere, ndipo m'tauni monse amene ankatha kuwerenga anali Zelinda yekha.

Anayamba kukopera m'kalembedwe ka masiku ano mu 1957, masana aliwonse akatsuka mbale. Zinamutengera zaka zisanu ndi zinayi. Ife tinkamuseka, tisabise. Tinkati mkazi wa Quirino wogulitsa nyama uja wakwatiwanso ndi munthu wakufa. Koma atangomaliza, denga linadontha m'nyengo yozizira, chinyezi n'kulowa m'kabati. Inki yakale imadya pepala, tsono itapeza madzi inadya ngati chiswe. Masamba makumi atatu akumapeto, momwe munali nyimbo zikuluzikulu, anasanduka zibowo zokhazokha. Kuyambira pamenepo nyimbo zimenezo zinatsala m'makope a Zelinda basi.

N'chifukwa chake kalatayo inamusowetsa mtendere. Ngati analakwitsa, ndiye kuti anapha nyimbo za mwini wake, ndipo panalibenso poti n'kubwerera kukaona.

Bambo Valsecchi anatsika basi ya masana, munthu wowonda, wa magalasi, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Khofi anakana. M'chipinda cha mikanjo anatsegula buku lachikopa mosamala kwambiri, ndipo atafika kumapeto anangoti kukamwa yasa.

"Mayi, masamba amene ndikufuna ndi omwewa."

"Onse?"

"Malo onse makumi anayi ndi atatu aja ali muno."

Anayala makope a Zelinda patebulo. Pensulo yofiira inali itazungulira paliponse, ndipo Zelinda anamva manyazi ngati mwana wa sukulu, mayi wa imvi zake. Quirino, amene anabwera osaitanidwa ndipo anali akununkhabe adyo, anasuzumira paphewa pake.

"Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero. "Koma kanuka, achimwene, kameta ndi khungu lomwe."

"Inu a Quirino, khalani chete," anatero Zelinda. "Bambo, ndiuzeni chimene ndalakwa."

"Musandimve molakwa, Mayi, dzanja lanu ndi laukhondo. Koma mizere isanu ndi itatu imasokoneza maso, aliyense akhoza kutsika mzere umodzi. Taonani apa. Dzanja lamanzere ligwire do wapansi penipeni ndi mi wapamwamba nthawi imodzi, zala zina ziwiri zili pakati. Amenewo ndi makiyi khumi. Ndayesa pa piyano yanga mpaka dzanja kuwawa. Munthu wakaleyo sakanalemba chinthu choti iye mwini sangachiimbe."

Zelinda anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja patebulo n'kuwerenga chamumtima.

"Khumi bwanji? Ndi asanu ndi atatu."

"Do, re, mi, fa," Bambo Valsecchi anawerenga pa zala mpaka kukwana. "Khumi, Mayi."

"Asanu ndi atatu. Ndaimba nyimbo imeneyi kuyambira ndili mtsikana."

Mkonziyo anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono, monga amachitira munthu akaganiza kuti mnzake mutu wayamba kukalamba. Kenako anayang'ana wotchi. Basi yomaliza inkanyamuka folo koloko.

"Ngati munaimba," anatero, "ndiimbireni."

Koma Zelinda anali ndi vuto. Panali chinsinsi chimene ankachidziwa ndi Quirino yekha. Nyamakazi inali itapinda zala zake zamanzere, ndipo kwa zaka zitatu nyimbo za m'bukumo sanaziimbe. Pa Misa ankangodutsa ndi zala ziwiri zitatu, ife osazindikira kanthu, poti makutu athu ndi a anthu odzala mphesa.

Anakwera makwerero opapatiza opita ku limba atatu onse. Quirino anavula jekete, n'kugwira mtengo wa mivukuto yopopera mphepo kuseri kwa limba, ntchito imene wakhala akuigwira chikwatirireni.

"Mphepo ilipo, mayi a nyumba," anafuula. "Aonetse a ku Milano."

Zelinda anaika dzanja. Chala chaching'ono chinafika pakiyi yomalizira, koma chachikulu chinathera panjira, n'kugwera pakiyi yoyandikana. Limba linalira moipa, tchalitchi chonse n'kubwereza kulirako. Anayesanso, atakukuta mano. Ululu unathamanga mpaka m'chigongono, dzanja n'kudzipinda lokha. Kuseri kuja mtengo wa mivukuto unaleka kulira.

"Musadzivutitse, Mayi," anatero Bambo Valsecchi mofatsa, akutseka chikwama. "M'mawu oyamba tidzakuthokozani ndithu."

Chifundo chimenecho n'chimene chinamupsetsa mtima. Zaka zisanu ndi zinayi, n'kudzathera pa kamzere kothokoza! Anaimirira, n'kuloza mpando.

"Khalani apa."

"Ine limba sindi..."

"Manja muli nawo, si choncho? Khalani. A Quirino, mwagona?"

"Ndili maso ngati nsomba!"

Bamboyo anakhala, mwina poopa kukangana ndi mayi wachikulire m'nyumba ya Mulungu. Zelinda anagwira dzanja lake lamanzere ndi manja ake onse awiri, n'kuyala zala chimodzichimodzi. Chaching'ono anachiika pakiyi yomalizira, ziwiri pakati, chachikulu pa mi. Dzanjalo linakwana bwinobwino, osakoka n'komwe.

"Koma Mayi, yomalizirayi ndi mi," anatero iye. "Malo ake ndi a mi."

"Tsindikani."

Anatsindika. Pansi panatuluka liwu lalikulu, lakuya, lomwe linagwedeza matabwa amene anapondapo, ndipo mawu ena atatuwo anakhala pamwamba pake mokoma. Bambo Valsecchi anachotsa dzanja ngati wagwira moto. Anatsindikanso kiyi yomalizirayo yokha, khutu atapendeketsa.

"Do," ananong'ona.

"Nanga mumati ikhale chiyani?" anatero Zelinda. "Yakhala do chibadwire changa."

Munthuyo anayesa makiyi awiri akuda oyandikira. Ina inalira re, inayo mi. Amisiri akale ankasiya mawu apansi amene sankagwiritsidwa ntchito, poti mipope ikuluikulu ya limba inkadya chitsulo chambiri, ndiye otsalawo ankawapanikiza pamodzi. Zelinda sankadziwa kuti kwina kulikonse makiyi sayalidwa choncho. Bambo Valsecchi ankadziwa, anaziwerengapo ali pasukulu, koma miyezi isanu ndi umodzi pa piyano yake sizinamubwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Makutu ake anafiira kuposa pensulo ija.

Anatsegula chikwama, n'kuika makope pa limba. Anayesa malo achiwiri, anakwana. Achitatu, anakwana. Pofika achikhumi thukuta linali likutsika m'khosi.

"Ndikanasindikiza," anatero, osayang'ana munthu. "Mabuku chikwi, onse okonzedwa ndi ine. Bambo Quirino, muli ndi chofufutira?"

"Chofufutira ndichitenge kuti, ine wa nyama? Mkate wofewa umachotsa, koma chofiiracho, kaya."

Kunja basi inaliza hutala pabwalo. Bamboyo sanadzuke. Anabwerera kutsamba loyamba la nyimbo yaikulu ija n'kuyamba kuiimba kuchokera pachiyambi, mokayikakayika, akuphonya apa ndi apo. Zelinda anakhala pa sitepe yapamwamba, dzanja lopindikalo atalifungatira pamiyendo. Nyimbo imeneyi bambo ake ankaiimba pa Pasaka. Iye anali atavomera kale mumtima kuti sadzaimvanso ali moyo, ndipo misozi inangotsika, osaipukuta.

Pakati pa tsamba Bambo Valsecchi anaima, n'kutulutsa cholembera.

"Mayi, pachikuto tilembe Marcozzi lokha, kapena tiwonjezere ndi dzina la bambo anu?"

"Zimenezo pambuyo," anatero Zelinda. "Mwaimira pakati. Malizani, chonde."

Kuseri Quirino anapukuta manja pa buluku, n'kugwiranso mtengo wa mivukuto.