Mlangizi Amene Anakana Kuperekezedwa

Mpaka lero ndikamva kulira kwa njinga yamoto, mtima umandiwira. Ndimakumbukira bambo uja, mlangizi wa masukulu, amene anabwera ku Nkhulambe kudzandiona ndikuphunzitsa. Zinali zaka zoyambirira za pulayimale yaulere, ine ndili mphunzitsi wongotoledwa, wopanda kozi. Lipoti lake ndi limene linkagamula ngati ndipite ku koleji kapena ndibwerere kukalima.

Phunziro linali la kufunsa ndi kulozera njira m'Chingerezi. M'buku munali mapu a tauni: misewu yowongoka, banki, maloboti. Ana anga maloboti anali asanawaonepo chibadwire. Choncho sabata yonse tinkayeserera ndi malo athu, mjigo, chigayo, tchalitchi, mpaka anazolowera.

Iye anakhala kumbuyo, nkhope ili ndwii. Ndisanafike n'pakati pomwe anandidula pakamwa, n'kuloza mtsikana wanzeru kuposa onse m'kalasimo. Anamufunsa m'Chingerezi njira ya ku mjigo.

Mtsikanayo anamva bwinobwino. Anagwada, ananyamula chikwama cha mlangiziyo n'kukaima pakhomo kumudikira. Kwathu kuno mwana sauza munthu wamkulu kuti pitani uko, khotani apo, ngati akutuma mnzake. Mlendo timamuperekeza.

"Iwe! Chikwama changa ukupita nacho kuti?" anakuwa mlangiziyo.

"Ndimati ndikuperekezeni, bambo. Tinjira take n'tambiri."

"Mwaonatu, aphunzitsi? Sabata yonse mwakhala mukuwaphunzitsa kutola zikwama za eni."

"Bwana, mwanayu akudziwa," ndinatero. "Ndi ulemu chabe. Mulamuleni anene, anena."

"Ulemu sabwera nawo pamayeso. Anthu akumapiri inu mumangodziwa kugwada basi."

Anaseka yekha. Mtsikanayo anabweza chikwama. Ndinamuda munthu ameneyo, ndipo sindinalapebe.

Pochoka, atakwera kale njinga yake, anandifunsa njira yachidule yokatulukira kumsewu wa ku Migowi. Anafunsa m'Chichewa, mopanda manyazi. Ine ndinamuyankha m'Chingerezi cha m'buku chenicheni: pitani molunjika, khotani kumanzere panjira yachiwiri, kenako kumanja. Sindinaname ayi. Koma inali nyengo imene nandolo amatalika kuposa munthu, ndipo m'minda imeneyo munda uliwonse uli ndi kanjira kake. Yachiwiri ndi iti? Ana anaima m'mawindo manja atapinda. Palibe amene anasuntha phazi.

Madzulo amayi ochokera kumunda ankasimba kuti amuona mlangizi uja akukankha njinga mumchenga wa kumtsinje, thukuta lili kamukamu, akutukwana. Ndinakondwa, sindibisa.

Mayina a opita ku koleji atatuluka, langa panalibe. Ahedi anandiuza maso ali pansi kuti temu ikatha ndisabwerenso.

Tsiku lomaliza mtsikana uja anandilanda chikwama. Anandiperekeza kudutsa m'minda yonse ija. Titafika pamsewu anagwada, anandibwezera chikwamacho, kenako anaimirira n'kuyamba kundiuza njira ya kwathu m'Chingerezi, misozi ikutsika. Mjigo, chigayo, kumanzere, kumanja, osalakwitsa ngakhale liwu limodzi.

Njira ya kwathu ndinkaidziwa. Koma ndinaima pomwepo mpaka anamaliza.