Mabatani Awiri a Kanyale ka Mayi Fainala

Mayi Fainala a ku Wimbe anayamba kusoka fodya ali mtsikana. Pofika zaka za makuponi, zala zawo zinali zitapindika, ndipo m'mawa zinkauma moti ngakhale kumanga mpango kumutu inali ntchito. Feteleza wotsika mtengo ankafika ndithu, koma m'chigafa mwawo munkasoka anthu ena, iwo akungoyang'ana.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dyna, ankasamalira nkhalamba ina ku Joni. Chaka china mvula itangogwa, anatumiza katoni kudzera kwa dalaivala wa basi. Munali kanyale kaphwatalala, ka mabatani awiri. Alamu awo, a Lucious, anakalumikiza ku batire ya sola, n'kuimbira Dyna foni.

"Amayi, batani lolembedwa 660 limatulutsa kuwala kofiira. Akuti n'kwa pakhungu," anatero Dyna. "La 850 kuwala kwake sikuoneka ndi maso, koma akuti kumalowa mpaka m'mfundo za zala. Inu muzidina limenelo."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti kayaka?"

"Muzingodikira. Agogo ndimawasamalira kunowa ndimawaika komweko, kenako n'kuwasisita manja."

Mayi Fainala anaona m'maganizo mwana wawo atagwada, akusisita zala za mayi wa eni.

Anamvera ndithu. Masana akachoka kumunda ankakhala pamphasa, manja atatambasula kutsogolo kwa kanyale kooneka ngati kozima. Mwezi usanathe anatopa nako, n'kudina linalo. Kuwala kunadzaza m'zikhatho, kufiira ngati dothi la pachulu, ndipo anakhala pomwepo mpaka batire inatha.

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, Dyna anaimba.

"Mukudina liti, amayi?"

"Lofiira."

"Paja ndinati linalo."

"Zosaoneka zandikwana, mwana wanga. Iwenso ndimangokumva mawu."

Kenako Dyna anati mapepala ake akalongosoka abwera, mwina fodya akamapita ku okushoni. Anapempha kuti pakadali pano azidina onse awiri, ndipo mayi ake anavomera.

Zalazo masiku ena zinkamasuka, masiku ena ayi. Fodya anapita ku okushoni, wina anafesedwa kudimba. Mayi Fainala anasesa chipinda cha Dyna, anazira pansi, ndipo akamva njinga yamoto ikukhota kuchokera ku Chamama ankatuluka kukaima pakhonde.